Mabwinja a m'mbali mwa Shire: njira itasamuka, nyumba zinatsala zokha

Munthu wokulira kumudzi sasowa womuuza kuti pano ndi pabwinja. Amangoona mitengo ya mango itaima pamodzi pakati pa tchire, mzere wa nkhadze womwe kale unali mpanda, mapale akutuluka m'nthaka khasu likagwa, kapena mphero yosalala itagona chafufumimba pansi pa mtengo. Ukafunsa agogo amakuuza mwini wake wa bwinjalo, mfunda wake, ndi chimene chinamusamutsa: kaya maliro anachuluka, kaya nthaka inaguga, kaya anayambana ndi a mfumu.

Koma dziko lino lili ndi mabwinja ena a njerwa, miyala ndi zitsulo, amene ngakhale akuluakulu a midzi yoyandikana nawo amangoti "zinali za azungu", nkhani n'kuthera pomwepo. Ambiri mwa mabwinjawa ali m'chigawo cha kum'mwera, ndipo ukawaika pa mapu umaona kuti sanamwazikane chisawawa. Andanda motsata njira imodzi, kuyambira ku Nsanje, kudzera ku Chiromo ndi Chikwawa, kukwera mapiri, mpaka kukafika ku Mangochi ndi ku Chembe. Ine ndimaona kuti chinsinsi cha mabwinjawa chili pamenepa. Nyumba zambiri sizinafe ndi ukalamba. Zinafa chifukwa njira yomwe inkazidyetsa inasamukira kwina.

Njira ya pamadzi

Kusanabwere njanji ndi misewu ya phula, mlendo wochokera kunyanja yamchere ankalowa m'dziko muno kudzera mu mtsinje wa Zambezi, kenako n'kukhotera mu Shire. David Livingstone anadzera njira imeneyi mu 1859. Vuto linali limodzi lalikulu: kuyambira pa Kapichira mpaka ku Matope, mtunda wa makilomita oposa 60, Shire ndi mathithi okhaokha, sitima siingadutse. Choncho katundu ankatsitsidwa kwa Katunga ku Chikwawa, n'kusenzedwa pamutu ndi amtengatenga kukwera chitunda cha ku Blantyre, n'kutsikanso ku Matope komwe sitima ina inkadikira kuti ipite kunyanja. Paliponse pomwe katundu ankatsitsidwa kapena kukwezedwa pankamera nyumba zosungiramo katundu, ofesi ya msonkho, nyumba ya bwanamkubwa wa dera, ndipo posakhalitsa pankameranso manda.

Oyamba kuyesa kukhazikika anali amishoni a mpingo wa Anglican a bungwe la UMCA, otsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie. Anafika ku Magomero mu Julaye 1861 ali ndi gulu la akapolo omwe anawamasula panjira kwa Mbame. Anamanga nyumba za mitengo ndi udzu pa kamtunda kozunguliridwa ndi mtsinje wa Namadzi, poganiza kuti malowo ndi otetezeka. Sanakhalitse. Analowerera nkhondo za pakati pa Amang'anja ndi Ayao, kamwazi ndi malungo zinawagwira, njala nayo inafika. Mackenzie anamwalira pa 31 Januwale 1862 kufupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire, atapita kukachingamira sitima. Mnzake Henry Burrup anabwerera ku Magomero ali wodwala, nayenso n'kumwalira patangotha milungu yochepa. Otsalawo anatsikira kwa Chibisa ku Chikwawa komwe enanso anaikidwa m'manda, ndipo pofika 1864 mishoniyo inali itasamukira ku Zanzibar. Za nyumba zawo palibe chimene chinatsala. Chimene chimasonyeza kuti anadutsapo ndi manda ndi mitanda basi.

Patapita zaka zoposa khumi anafika amishoni a ku Scotland. Mu 1875 E. D. Young ndi Dr Robert Laws anabwera ndi kasitima kotchedwa Ilala, kamene anakaphwasula pansi pa mathithi, anthu mazanamazana n'kukasenza zidutswazidutswa mpaka kumtunda komwe anakalumikizanso. Pa 12 Okutobala chaka chomwecho Ilala inalowa m'nyanja, ndipo masiku ochepa pambuyo pake anasankha malo ku Cape Maclear. M'maso malowo ndi osiririka: gombe labata, zilumba zotchinga mphepo, mapiri kumbuyo. Koma nthaka yolimapo inali yochepa, midzi inali patali, ndipo malungo sanawasiye. Panthawiyo palibe ankadziwa kuti malungo amadza ndi udzudzu. Ankaganiza kuti ndi mpweya woipa wa m'madambo. Atakhala zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi anali ataika anzawo asanu m'manda, ndipo anali atabatiza munthu mmodzi, Albert Namalambe, mu 1881. Chaka chomwecho anasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 anakwera phiri la Khondowe komwe kuli Livingstonia ya lero.

Pano ndiimepo pang'ono, chifukwa manda a ku Cape Maclear anthu amangowatchula kuti "manda a amishoni", ngati onse ogonamo anachokera ku Ulaya. Mmodzi mwa iwo ndi Shadrach Ngunana, Mxhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, amene anabwera limodzi ndi mnzake wa ku Lovedale komweko, William Koyi, kudzaphunzitsa. Anali munthu wakuda ngati ife, anasiya kwawo n'kudzafera kuno mu 1877. Ndipo azungu atachoka, amene anatsala n'kumasamala malowo, kuphunzitsa ana ndi kuchititsa mapemphero anali Namalambe. Alendo ambiri amafika ku Chembe kudzasamba ndi kudzaona nsomba za mbuna, n'kubwerera osamvako dzina la anthu awiriwa.

Cape Maclear yomweyo inasiyidwanso kachiwiri. Mu 1949 ndege zotera pamadzi za kampani ya ku Britain ya BOAC zinayamba kuima pamenepo pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa, ndipo panali hotela yolandira apaulendowo. Sipanapite nthawi, mu 1950 kampaniyo inasiya kugwiritsa ntchito ndege zoterezi, ndipo hotelayo inasowa ntchito. Paja amati mlendo ndi mame.

Malinga a pamapiri

Dziko litalengezedwa kuti lili m'manja mwa Britain mu 1891, mkulu wa boma la atsamunda, Harry Johnston, anayamba kumanga malinga. Cholinga chomwe ankalengeza chinali kuthetsa malonda a akapolo, ndipo n'zoona kuti malondawo analipo ndipo anali oopsa: magulu a anthu omangidwa magoli ankadutsa kum'mwera kwa nyanja kupita ku Kilwa, ena kudzera ku Mulanje kupita ku Quelimane. Koma malinga omwewo ndiwo anagonjetsa mafumu kuti ayambe kukhoma msonkho. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo wofuna kunena mbiri ya malowa mokhulupirika ayenera kuzinena zonse.

Fort Lister inamangidwa mu 1893 pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, m'boma la Phalombe, pomwe njira ya akapolo inkadzera. Munkakhala asilikali a Chisikh ochokera ku India pamodzi ndi asilikali akuda. Mafumu a Chiyao a m'derali, monga Matipwiri ndi Mkanda, atagonjetsedwa, lingalo linatha ntchito, ndipo patangopita zaka pafupifupi khumi linasiyidwa. Lero kwatsala zipupa zogumuka ndi manda m'kati mwa tchire.

Linga lomwe likadali lochititsa kaso ndi la pa phiri la Mangochi, kufupi ndi Namwera. Paphiripo panali mudzi waukulu wa mfumu Jalasi, yemwe azungu ankamulemba kuti Zarafi. Jalasi sanali munthu wamasewera. Mu 1892 anabweza gulu la nkhondo la atsamunda n'kuwalanda mzinga, patangopita miyezi yochepa anthu a mfumu Makanjira atapha Kaputeni Cecil Maguire kunyanja. Anadzagonjetsedwa mu 1895, ndipo mu 1897 pamalo a mudzi wake panamangidwa linga la zipupa zochindikala za miyala. Pambuyo pake linakhalapo ndende, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse munkaphunzitsidwa asilikali. Kenako analitsekera kunja kwa mbiri. Kukafikako lero n'kuyenda pansi kukwera phiri, ndipo mitengo yamera m'kati mwa mpanda.

Taonani mmene dzina limayendera. Tauni ya m'mbali mwa Shire inkatchedwa Fort Johnston, ndipo nayonso inasamukapo: linga loyamba la 1891 linali tsidya lina la mtsinje, moyang'anana ndi kwa Mponda. Titalandira ufulu tauniyo inapatsidwa dzina la phiri, Mangochi. Dzina linatsika phiri n'kukakhala pamsika, linga n'kutsala lokha kumwamba. Ana ambiri obadwira ku Mangochi sadziwa kuti Mangochi weniweni ndi phiri la Jalasi.

Chiromo

Ngati pali malo amodzi omwe amafotokoza nkhani yonseyi, ndi Chiromo. Cha m'ma 1890 panali doko lofunika kwambiri m'dziko muno, pomwe Ruo amakumana ndi Shire. Panali ofesi ya kasitomu, positi, nyumba za makampani, ndi sitima zobwera kuchokera ku Chinde, kamalo ka pamathiriro a Zambezi komwe Britain inabwereka kwa Apwitikizi mu 1891. Aliyense wolowa m'dziko ankadutsa pa Chiromo.

Kenako mtsinje unayamba kuphwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 madzi a m'nyanja anatsika kwambiri, moti cha m'ma 1915 Shire wakumtunda anasiya kuyenda bwinobwino, mchenga ndi bango zitatseka, ndipo zinakhala choncho kwa zaka pafupifupi makumi awiri. Sitima zinkatitimira mumchenga zisanafike n'komwe pa Chiromo. Doko linatsikira ku Port Herald, yomwe ndi Nsanje ya lero, ndipo njanji yofika ku Blantyre inatsegulidwa mu 1908. Madzi atapitiriza kuchepa, njanji inatalikitsidwa mpaka ku Chindio m'mbali mwa Zambezi mu 1915. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana wa pa Zambezi unatha kumangidwa, sitima ya pamtunda n'kumachoka ku Beira mpaka ku Salima popanda kutsitsa katundu. Chinde anali atafa kale: nyanja inkadya gombe lake chaka ndi chaka, ndipo namondwe wa mu 1922 anamalizitsa. Katunga ndi Matope zinasanduka midzi wamba. Ntchito ya amtengatenga inazilala.

Chiromo anapulumuka kwa kanthawi chifukwa njanji inkawoloka Shire pomwepo. Koma mu 1970 kunatsegulidwa njanji ina yochokera pa Nkaya kudzera ku Liwonde ndi Nayuchi kupita ku doko la Nacala. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inadula njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, mlatho wa Dona Ana utaphwanyidwa. Ndiye mu 1997 madzi osefukira anakokolola mtunda womwe unkanyamula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Makhanga, Shire n'kudzitsegulira njira yatsopano. Anthu a kumeneko anapatcha malowo kuti Mtayamoyo, chifukwa kuwoloka kunasanduka kwa pabwato, pamadzi a ng'ona ndi mvuu. Dzina limenelo likunena zonse. Bwinja la njanji si nkhani ya okonda mbiri okha. Ndi nkhani ya mayi wodwala wofuna kukafika kuchipatala, ndi mlimi wa tsidya la kum'mawa amene mbatata ndi mpunga wake zinkakwera sitima kupita ku Limbe. Masiteshoni a m'njira imeneyi anakhala zaka zambiri opanda sitima, udzu utamera pakati pa njanji.

N'chifukwa chake doko la Nsanje limandipweteka mtima. Pa 23 Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika analitsegula pamaso pa Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia. Maganizo ake anali omveka: dziko lopanda gombe la nyanja yamchere limalipira ndalama zambiri pa mtengatenga, ndipo katundu wa pamadzi ndi wotsika mtengo. Anafuna kudzutsa njira yakale ija ya Shire ndi Zambezi. Koma mbali yaikulu ya njirayo ili m'dziko la Mozambique, ndipo boma la kumeneko linati pachitike kaye kafukufuku wa mmene sitima zingakhudzire mtsinje. Bwato lonyamula feteleza lomwe linayenera kufika tsiku lotsegulira linaimitsidwa panjira. Kuyambira pamenepo khoma la konkire la padokolo lakhala likudikira sitima. Mchenga womwe unagonjetsa sitima za 1900 ukadali mumtsinjemo, ndipo ndikhulupirira kuti mbiri ya Chiromo ikanawerengedwa mofatsa, mafunso ovutawo akanafunsidwa simenti isanathiridwe.

Nyumba yophedwa dala

Si mabwinja onse omwe anadza ndi kusamuka kwa njira. Ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, John Chilembwe anayambitsa Providence Industrial Mission mu 1900, ndipo iye ndi akhristu ake anaumba njerwa n'kumanga tchalitchi chachikulu. Panthawi yomwe munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akaona mzungu, nyumba yoteroyo inali kulankhula kokha. Pafupi pomwepo panali esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, malo omwe aja a Mackenzie, komwe thangata inali yowawa, ndipo woyang'anira wake William Jervis Livingstone ankatentha timatchalitchi taudzu ta anthu a Chilembwe. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthuwo anaukira, Livingstone n'kuphedwa. Patangopita masiku ochepa asilikali a boma anafika ku Mbombwe n'kuphulitsa tchalitchicho ndi mabomba. Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale.

Koma Mbombwe sanasanduke bwinja. Mu 1926 Dr Daniel Malekebu, yemwe anali mwana wa sukulu wa pomwepo, anabwerera kudzatsegulanso mishoniyo, ndipo tchalitchi china chinamangidwa pafupi ndi maziko a chakalecho. Kusiyana kwake ndi Fort Lister n'koonekeratu. Ku Mbombwe kunali anthu omwe ankati nyumbayi ndi yathu.

Mmene nyumba imafera

Nyumba yosiyidwa imafa mwadongosolo lake. Choyamba kupita ndi malata, kaya ndi mphepo kaya ndi manja a anthu. Denga likangochoka, mvula imalowa pamwamba pa khoma, ndipo popeza nyumba zambiri zakale anamangira dothi kapena laimu m'malo mwa simenti, njerwa zimayamba kulekana. Chiswe chimadya mitanda ndi mafelemu. Mbalame zimagwetsera njere za kachere m'ming'alu, mizu n'kumang'amba khoma pang'onopang'ono. Moto wolusa wa m'chilimwe umadutsa chaka chilichonse. Pomaliza amabwera munthu ndi wilibala kudzatola njerwa zomangira khitchini, ndipo masiku ano kwawonjezeka ogula zitsulo zakutha, amene salekerera njanji, bawuti kapena chikwangwani cha mkuwa cha pamanda.

Sindifuna kuweruza msanga munthu wa wilibalayo. Kwa iye khoma lija ndi njerwa zaulere pamalo pomwe palibe anamuuzapo kuti pali phindu lina. Ngati agogo ake anasenza miyala yomangira lingalo mokakamizidwa, n'chifukwa chiyani alilemekeze? Lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale lilipo, nthambi ya boma yoona za zimenezi iliponso, ndipo malo okhudza malonda a akapolo ku Karonga, Nkhotakota, Mangochi ndi Phalombe anaikidwa mu 2011 pa mndandanda wa malo oyembekezera kuvomerezedwa ndi bungwe la UNESCO kukhala chuma cha dziko lonse lapansi. Koma lamulo silikhala pakhomo usiku. Chimene chimasunga nyumba ndi munthu wogonamo kapena wogwiriramo ntchito.

Umboni wake uli ku Blantyre. Nyumba ya Mandala inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ndipo dzinalo linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi mwa oyang'anira kampaniyo. Ndi yakale kuposa Fort Lister ndi Fort Mangochi, koma ikadali chiimire chifukwa sinakhalepo yopanda anthu: lero muli laibulale ya Society of Malawi ndi malo odyera. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe mmishoni David Clement Scott anamanga ndi amisiri akuda kuyambira 1888 mpaka 1891 popanda katswiri wojambula mapulani, chimadzaza Lamulungu lililonse. Ku Zomba, nyumba yomwe inamangidwira kazembe wa Britain mu 1886 inasanduka hotela ya Masongola. Zomba yomweyo ndi phunziro lina: likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndi Nyumba ya Malamulo kutsatira mu 1994, nyumba zomwe zinapeza ntchito yatsopano zinapirira, pomwe zina za m'mphepete mwa phiri zinayamba kudontha ndi kusweka makhonde.

Chomwe ndimalakalaka n'chakuti tisinthe mmene timafotokozera malowa. Tikamati Fort Mangochi ndi ya azungu, tataya Jalasi, tataya amisiri omwe anasema miyala ija, tataya akaidi ndi asilikali akuda omwe anagonamo. Tikamati Chiromo inali doko la atsamunda, tataya opalasa ngalawa a Chisena ndi a Chimang'anja, ndi amtengatenga omwe mapazi awo ndiwo anapanga msewu wa ku Chikwawa. Azungu omwe anakhala m'malo amenewa anali owerengeka. Manja omwe anamanga anali athu. Mwana wa sukulu wa ku Namwera kapena ku Phalombe akanamakwera phiri ndi aphunzitsi ake kamodzi pachaka n'kumva nkhani imeneyi, malowo akanapeza eni.

M'boma lomwelo la Nsanje, pamtunda wosatalika kuchokera padoko la konkire lija, pali nkhalango ya Khulubvi. M'kati mwake muli kachisi wa Mbona, amene Amang'anja akhala akupemphako mvula kwa zaka mazana angapo, kale kwambiri David Livingstone asanaone Shire. Kachisiyo si wa miyala. Ndi kanyumba ka mitengo ndi udzu, kamene chiswe ndi mvula zimakagwetsa ngati nyumba ina iliyonse, ndipo kanawonongedwapo m'nthawi za nkhondo. Mitengo ya m'nkhalangomo sidulidwa, ndipo wolowamo amavula nsapato. Kachisi akakalamba, uthenga umayenda kwa a Lundu ndi mafumu ena a m'chigwa, tsiku limapanganidwa, anthu amabwera ndi mitengo, luzi ndi udzu, n'kumumanganso pamalo pomwepo.